Sooi Ali M'njira

Barcelona,
Lachisanu, 4 Julaye.

Okondedwa achimwene Dries,

Ndalemba kuti okondedwa chifukwa ndi mmene Amayi anatiphunzitsira kuyamba kalata, koma musanamizike nazo. Ndakwiya nanu, ndipo sindinakwiyepo chonchi ndi munthu wina aliyense. Foni yanga simukuyankha chiyambire dzulo, chonsecho mauthenga mukuwerenga, ndikumaona. Ndiye ndapempha mapepala kwa mayi wolandira alendo pa hositelo ino, ndilemba zonse, ndizijambula pa foni n'kukutumizirani masana omwe ano. Muwerenge mpaka kumapeto, chifukwa Sooi ali m'mwamba, akubwera kumeneko.

Ngati mwaiwala kuti Sooi ndani, ndi nkhunda yaimuna ya Ababa, yotsimphina ija, imene anaitcha dzina la malume chifukwa cha kayendedwe. Ndikukumbutseninso mmene ulendo uno unayambira. Dokotala atanena kuti fumbi la m'khola likuwononga mapapo a Ababa, munabwera kwathu ku Lokeren Lamulungu lija, inu ndi mlamu wanga Annick, mutanyamula keke ndi matikiti a sitima oyendera mwezi wathunthu. Munati, "Ababa, moyo wanu wonse mwakhala mukutumiza nkhunda ku mpikisano wa ku Barcelona, inu n'kumatsala kuseri kwa nyumba, khosi lili m'mwamba. Chaka chino pitani mukaone mmene amazitsegulira. Veerle akuperekezeni. Sooi ndimulandira ine." Ine, chitsiru, ndinagwetsa misozi. Ababa anakatenga chitini chawo cha chimanga n'kukuonetsani kagwedezedwe kake, inu n'kumavomera ndi mutu.

Lolemba tinakapereka Sooi ku bungwe la oweta nkhunda kuti akwere lole pamodzi ndi zinzake, ife n'kukwera sitima. Munatiperekeza nokha kusiteshoni, mpaka munawanyamulira Ababa chikwama chawo chobereka. Ndinkati mwasintha.

Ndikuuzeni za bambo anu, poti simunafunse. Ku Marseille anatipatsa chipinda chogona gulu, ndipo bedi la Ababa linali la m'mwamba. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, wokakamira makwerero kabudula ali m'chiuno, akukana kuti ndiwakankhe. Mtsikana wina wa ku Ireland, dzina lake Orla, anati, "Agogo, tsikani, gonani pansipa, ine ndikwere."

Iwo anati, "Mwana iwe, ine ndakhala ndikukwera makwerero a khola m'mawa uliwonse amayi ako asanabadwe."

"Ndiye mukagwa mugwere mbali iyo, kuno kuli magalasi anga," anatero Orla.

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, koma anakwera ndithu. M'mawa mwake ndinawapeza kukhitchini akukangana ndi mnyamata wa ku Australia amene anatisowetsa tulo ndi mkonono. Ankamuuza kuti nkhunda yopuma choncho iwo saitumiza ngakhale kumudzi woyandikana nawo. Zoti chakudya chimene waika mufuriji ya pahositelo umalembapo dzina, anazikonda kwabasi. Analemba dzina lawo pa tchizi, pa buledi, mpaka pa nthochi.

Ku Montpellier tinakhala pabwalo la pakati pa mzinda, iwo akuweruza nkhunda za mumsewu imodzimodzi. "Malova okhaokha awa," ankatero. "Taona iyo, chifuwa chabwinobwino koma ikungopempha nyenyeswa." Musitima ankakhala kuwindo, maso ali kumapiri, akundilozera mipata imene Sooi angadzere. Ndipo ndinene chimene mukufuna kumva, chifukwa ine bodza ayi: kutsokomola kwachepa. Chichokereni kukhola kuja akugona bwino, masitepe akukwera osaima panjira. Dokotala sananame, inunso simunaname pa mfundo imeneyo. Koma musaiyese chikhululuko.

Dzulo masana tili ku Girona, ndikuchapa masokosi a Ababa m'sinki ya pahositelo, anandiimbira mai Godelieve, oyandikana nafe nyumba.

"Veerle, mwanawe, uli wekha?"

Ndinati ndili ndekha.

"Khola lija kulibe. Dries anabwera Lachiwiri ndi amuna awiri, anaphwasula lonse. Nkhunda anapereka kwa bambo wina wa ku Dendermonde. Ine ndimayesa munagwirizana, n'chifukwa chake ndinakhala chete. Koma mwanawe, zabwerera."

"Zabwerera bwanji?"

"Bamboyo anangotsegula chitseko kuti azipatse madzi, zina n'kupulumuka. Zili padenga la nyumba yanu chiyambire m'mawa, mvula ikuzinyowetsa, zikungoyang'ana pansi pamene panali khola. Ndawaza chimanga koma sizikutsika, sizindidziwa ine."

Lachiwiri, achimwene. Ife tinachoka Lolemba. Simunadikire ngakhale kuti fungo la khofi wawo lithe m'khitchini. Ndipo inu munakulira m'nyumba ya nkhunda, munkadya chakudya chamadzulo Ababa akukamba za nkhunda, koma simukudziwa kuti nkhunda yaikulu siisamutsidwa ngati mpando? Ntchito yake yonse, chimene anaiwetera, ndi kubwerera pamene inakulira. Mwana aliyense wa mumsewu wathu amadziwa zimenezi. Inu munali kuti zaka zonsezi?

Ndinasiya masokosi m'madzi n'kuthamangira kusiteshoni kuti tibwerere kunyumba. Mayi wa pawindo anayang'ana matikiti athu aja n'kunena kuti, "Matikitiwa ndi abwino, koma tikiti ndi ina, mpando ndi wina. Sitima zothamanga zopita kumpoto zadzaza mpaka Lachiwiri. Uno ndi Julaye, mayi, aliyense ali ndi chikwama kumsana." Ndinafunsa za sitima zoima paliponse. Anati tikhoza kulumikiza zimenezo, kusintha kuno, kusintha uko, kugona panjira, n'kukafika Lamulungu madzulo ngati palibe yochedwa. Sooi mphepo ikamukomera amafika Loweruka. Ndiye ndikufunseni: zoti matikiti amenewa amapititsa munthu kutali mosavuta koma kubwerera mwadzidzidzi n'kovuta, munkazidziwa pogula? Musandiyankhe, ndikuopa yankho lake.

Ababa sindinawauze kanthu. Ndinati ndinapita kukafunsa nthawi ya sitima ya ku Barcelona. Madzulo anaphikira chipinda chathu chonse mbatata zokazinga, ine chakudya ndikungochiyang'ana. Anandifunsa ngati ndikudwala, ndinati ndi kutentha.

Lero tinalawira m'mamawa kuchoka ku Girona kupita kubwalo kumene amatsegulira nkhunda, kunja kwa mzinda wa Barcelona. Malole anali atandandalikana, madengu ali mbali zonse, nkhunda zikulira m'katimo. Ababa anavala malaya awo oyera a kutchalitchi, amene akhala pansi pa chikwama ulendo wonse uno. Anayenda kuchoka pa lole ina kufika pa ina, akusuzumira, ngati angamuzindikire Sooi pakati pa chinamtindi chonsecho. Mwamuna wina anaimba wezulo, zitseko zonse zinatseguka nthawi imodzi. Phokoso la mapiko linadzaza bwalo lonse, kumwamba kunada, nthenga zikutigwera kumutu. Zinazungulira pamwamba pathu, kenaka gulu lonse linalunjika kumpoto. Ababa anavula chipewa n'kuimba kamluzu kawo kaja ka kuseri kwa nyumba. Ine ndinatembenukira kumbali, chifukwa ndinkadziwa kumene nkhunda yawo ikupita.

Pobwerera, m'kasitima ka mumzinda, ndinati ndilimbe mtima. Ndinati, "Ababa, pali nkhani ya kunyumba."

Iwo anati, "Dries waphwasula khola."

Ndinafunsa ngati mai Godelieve anawaimbiranso. Anati ayi.

"Ndinadziwa pasiteshoni paja, atandinyamulira chikwama. Mwana ameneyu sanandinyamulirepo ngakhale nyuzipepala. Ndinati chabwino, ine ndekha sindingathe kuligwetsa, manja angandikanire, bola achite iyeyo ine kulibe. Ndinatsanzikana nazo m'mawa wa Lolemba, iwe ukusamba."

Anapukuta chipewa pabondo. Kenaka anati, "Wachita bwino. Akangolowa Sooi mawa, amalize."

Mwamva, achimwene? Ankayesa kuti mwangochotsa zinazo. Ankayesa kuti mwasiya chipinda cha Sooi ndi thabwa lake loterapo, poti munalonjeza. Ndinayenera kuwauza ndine, musitima yodzaza anthu opita kuntchito, kuti palibe chatsala, kuti pali dothi lokha, ndiponso kuti zinzake zili padenga pamvula. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anangoti, "Aa, ndimayesa adikira," basi, n'kuyang'ana kuwindo mpaka tinatsika.

Mawu amenewo ndi amene andilembetsa kalatayi. Munthu anakupatsani khola lake lonse mumtima, osakuvutitsani, osakuchititsani manyazi, anavomera kubereka chikwama ndi kugona pabedi la m'mwamba pakati pa ana kuti inu mugwire ntchito yanu momasuka. Anangosungako chinthu chimodzi, chimene munanena nokha ndi pakamwa panu keke ili patebulo. Mukanadikira mpaka Lamulungu chikanakuvutani n'chiyani? Amuna ophwasula aja analibe tsiku lina? Mumakonda kunena kuti ine ndimaganiza ndi mtima, inu ndi mutu. Mutu wake ndi umenewu?

Tsopano mverani, chifukwa kukwiya kwanga sikungamutsitse Sooi. Akubwera atawoloka mapiri ndi dziko lonse la France, wopanda chakudya, ndipo akafika adzakhala atatheratu. Akapeza palibe poterapo adzazungulira, kenaka adzakhala padenga ndi zinzake, ndipo pamenepo mphaka wa kuseri kuja kapena kabawi sadzachedwa. Mai Godelieve akuti matabwa akadali mulu pafupi ndi mpanda, galimoto yodzatenga sinabwere. Mupite lero, osati mawa. Mufufuze thabwa loterapo, lopaka utoto wobiriwira, ndi kachitseko kake ka mawaya. Muziimike pamalo pomwe zinali, kutalika komweko, moyang'ana mtengo wa mapeyala. Kumbuyo kwake muike bokosi lililonse lalikulu louma. Sizifunika kukongola. Amuna awo a mai Godelieve, a Gust, akuti akuthandizani ngati mukawapemphe nokha, ndipo mukawapemphe mwaulemu chifukwa nawonso akwiya.

Mawa mukhale pamenepo kuyambira m'mawa. Muvale jekete la Ababa la imvi limene lili kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, ngati nalonso simunataye. Musaimirire pakati pa bwalo, musakweze manja, ana muwasiye m'nyumba. Mukamuona mugwedeze chitini pang'onopang'ono monga anakuonetserani. Akalowa muyambe mwamupatsa madzi, chimanga pambuyo. Izi sizikuchokera m'mutu mwanga. Ababa andiuza titafika pahositelo, atakhala pabedi nsapato zili kuphazi, ndipo anandibwerezetsa kuti ndisaiwale kanthu. Ndinati, "Bwanji osamuimbira nokha?" Anati, "Angachite manyazi, munthu wa manyazi sagwira bwino hamala."

Ndinawauzanso kuti Lachiwiri mipando ilipo, tikhoza kubwerera. Anati, "Tikatani? Matikiti ndi a mwezi, tiyeni tione kumene akuthera." Ndiye Lamulungu tikupita ku Valencia, kenaka mwina ku Sevilla, sindikudziwa. Orla wa ku Marseille uja watumiza uthenga kuti ali ku Valencia ndipo wawasungira bedi la pansi. Panopa ali kukhitchini, akulemba dzina lawo pa botolo la mkaka, koma nthawi ndi nthawi akupita kuwindo kukaona kumene mitambo ikulowera. Kutsokomola sakutsokomola. Kulankhula nakonso asiya.

Mundiperekere moni kwa mlamu Annick, sindikudziwa ngati ankadziwa, ndipo sindifunsa. Muwapsompsone ana, muwauze kuti agogo awagulira timaginito ta pafuriji mumzinda uliwonse umene tadutsa. Mai Godelieve ndi a Gust muwathokoze m'malo mwanga. Ababa akuti ndikupatseni moni, ndiponso akuti posankha matabwa muvale magolovesi, misomali ya khola lija ndi ya dzimbiri, ingakubayeni.

Moni wa Ababa ndi umenewo, ndaupereka wonse monga anandipatsira. Wanga ndausunga. Mudzaulandira mukandiimbira kuti Sooi walowa.

Ndine mlongo wanu,
Veerle.