Mowa wa Chikumbutso cha Felistus

Nkana, Kitwe
Ogasiti, 1943

Okondedwa alongo anga a Susan,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu anga. Kodi chifuwa cha amayi chija chinaleka chisanu chitatha? Ine kuno ndilipo, ntchito ya pansi pa mgodi ikuyenda, kungoti fumbi likundiumitsa kukhosi.

Monga mukudziwa, chaka chakwana chimwalirire mkazi wanga Felistus. Misa tinachita, koma mtima sunakhazikike, pakuti kwathu munthu timamutsazikanso ndi mowa. Tchuthi sindinapatsidwe, ndiye ndinaganiza zofulula ndekha konkuno. Musandiseke. Ndinkati poti ndinkamuona iye akufulula zaka zonse zija, manja anga adziwa okha.

M'komboni salola kufulula, akakupeza amakutayira mgolo wonse. Choncho ndinanyamula zonse kupita ku madimba a kufupi ndi mtsinje wa Kafue. Mowa woyamba ndinawononga. Ndinathira chimera phala likadali lotentha kwambiri, chimera n'kupsa, phala n'kungoti gwa, osasungunuka. Ndinakhala pa chitsa kuyang'ana mgolowo ngati ndaika maliro achiwiri.

Pamenepo n'kuti akundiona mayi wina wa Chibemba, mwini dimba loyandikana ndi pamene ndinkafululira, dzina lake Leah. Amuna ake anamwalira ndi chifuwa zaka zapitazo. Sanaseke. Anandifunsa kuti mowawo ndi wa ndani, nditamuuza anangoika khasu pansi. Anati chimera chili ngati khanda, sasambitsa ndi madzi owira. Anandionetsa kuviika chala m'phala, kuti chikapirira mpaka munthu kutsiriza Tikuoneni Maria, ndiye kuti chimera chingalowe.

Ndinamuuza kuti ndikufuna mowa waukali ngati wa Felistus, uja unkagonetsa amuna pa bwalo dzuwa lili pamutu. Anati ukali umathera m'madzi. Phala likhale lolimba, madzi pang'ono, chimera chochuluka, chokha chidzalisungunula. Tsiku losefa, zoyamba kutuluka tinaika mu mbiya yakeyake. Kenaka pa masese otsala ndinkathira madzi ofunda pang'onopang'ono, iye akulawa zodontha. Zitasiya kunanda ku zala anandigwira dzanja kuti basi, ndipo anakana kuti zachiwirizo tisakanize ndi zoyamba zija.

Alongo anga, masana amenewo sindiwaiwala. Nthunzi inkakwera mwaulesi m'mitengo, utsi wa pa mgodi uli kutali ngati mtambo wa mvula yokana kugwa. Fungo la chimera linanditenga. Ndinapezeka ndili kwathu, kuseri kwa nkhokwe ya apongozi, Felistus atamanga nsalu m'chiuno, akuvundula mowa uku akuimba nyimbo yake ija imene ankayamba bwino n'kuisokoneza pakati. Ndinamva ngakhale nkhunda za pa denga. Ndinatambasula dzanja kuti andipatse chikho, ndipo ndinamuitana ndi dzina. Amene anandipatsa chikhocho anali Leah. Anamva bwinobwino dzina limene ndinatchula, koma anangovomera motsitsa m'chinenero chawo kuti mukwai, n'kupitiriza kusefa.

Mowa unapsa bwino. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi anthu a kwathu anabwera ku dimba. A Ackson, akulu a m'mudzi mwathu aja amene ali kuno, anathira pang'ono pansi, natchula dzina la Felistus, namuuza kuti agone, ife tatsala bwino. Atalawa anati umenewu ndi wa mwini wake Felistus ndithu. Ndinalira, koma kulira kwake kunali kopepuka.

Tsopano pempho langa ndi ili. Mutengane ndi amalume mupite kwa apongozi anga. Mukawauze kuti mwana wawo sindinamutaye, mowa wake ndafulula ndipo a kwathu amwa. Mukawapemphe kuti, ngati mtima wawo ulola, andisudzule. Kwa Leah za ukwati sindinanene kanthu, ndipo sindinena mpaka mawu awo atandipeza. Akakana ndidikira. Leah akupita kwawo ku Kasama mvula ikayamba, ndipo sakudziwa ngati adzabwerera. Yankho mumupatsire Fidelis, amene wanyamula kalatayi, pobwerera kuno.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa amalume ndi azakhali, kwa alamu anga ndi ana onse. Mwana wanga Edna, amene mukundilerera, mumuuze kuti nsalu ili m'phukusi limene ndapatsira Fidelis inali ya amayi ake, avale. Za Leah musamuuze. Zimenezo adzamve pakamwa panga, ndikumuyang'ana m'maso.

Tsalani ndi Mulungu.

Ndine mlongo wanu,
Stanislaus