Fayilo ya Ba Jonas

Lolemba, 10 Malichi

Ba Inutu a ku Lusaka andilembera. Akufuna kuika kapulogalamu kanga kaja, kosandutsa manambala kukhala mawu a Chinyanja, mu foni zowerengera alimi mitengo ya chimanga. Koma ati laisensi ndi yosokonekera. Pamwamba ndinaika MIT, yolola aliyense kugwiritsa ntchito, pomwe mufayilo ina mkatimo alembamo kuti popanda chilolezo cha mwini, osakhudza. Ine sindinazionepo zimenezo! Ndikapanda kukonza sabata ino, akasiya.

Lachiwiri, 11 Malichi

Fayiloyo ndi ya munthu wodzitcha "jonas_chw" pa intaneti, ndipo ndiyo imawerenga masauzande. Popanda iyo kapulogalamuko n'kopunduka. Anaitumiza mu 2022, sitinaonanepo. Kufufuta mzere wakewo ndi kosavuta, koma si wanga. Imelo imene ndamulembera yabwerera. Kodi "chw" ndi Chongwe yathu ino?

Lachitatu, 12 Malichi

Holide. Ndafunsafunsa pa boma ngati wapolisi. Ba Mathew okonza mafoni pamsika ati: "Jonas wa makompyuta? Wa ku Chalimbana? Ah, uja anamwalira chaka chatha. Simunamve?"

Mayo ine. Mwina tinkakwera minibasi imodzi, kupanikizana mawondo, osadziwana.

Lachinayi, 13 Malichi

Kodi munthu akafa, zimene analemba pakompyuta zimakhala za yani? Ndawerenga mpaka mutu kuwawa. Zikuoneka kuti zimapita kwa otsala, ngati njinga kapena ng'ombe. Ba Mathew ati anasiya mkazi, Ba Rosaria. Nanga laisensi ndikaifotokoza bwanji kwa mayi wamasiye?

Lachisanu, 14 Malichi

Mantha okhaokha. Mawa ndipita kwa Ba Rosaria basi.

Loweruka, 15 Malichi

Nyumba ili mbee, mipando iwiri yapulasitiki basi. Ndinayamba kufotokoza mozungulira, chibwibwi chili pakamwa. Kenako ndinangotsegula laputopu, n'kulemba 3,500, mawu n'kutuluka: zikwi zitatu ndi mazana asanu.

Ba Rosaria anaseka mpaka kugwira pachifuwa. "Ndiye ivi! Anali kunivuta nikawasha, ati Rosaria, iyi nambala tikamba bwanji? Nenze kuona monga ni misala."

Ndinawauza kuti popanda mawu awo sindingasinthe kanthu, ndipo akakana, zathera pomwepo. Anayang'ana khoma pamene patsala misomali ya TV.

"Abululu bake banatenga TV, kompyuta, na bedi yamene tenze kugonapo. Kulibe anafunsa. Imwe mwakwera minibasi kubwera kupempha vinthu vosaoneka na maso?"

Misozi inali pafupi, ndisaname.

"Dzina yake izankalapo?"

Ndinawaonetsa pamene palembedwa "jonas_chw", n'kunena kuti inde, laisensi ya MIT imalamula kuti aliyense wotenga asachotse dzina la mwini.

"Navomela. Koma osati ka chw ako. Jonas Lazarous Mwachilenga, yonse."

Ndinati ndilembe, anandikankha dzanja. Anakokera laputopu pamiyendo pawo, n'kuyamba kufunafuna J ndi chala chimodzi.