Inu Munkadziwa, Amayi Aang'ono

Okondedwa Amayi aang'ono,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, ndipo mwendo uja unasiya kukuvutani. Kuno tilipo. Abambo shuga wawo ndi yemwe uja, achimwene anapeza ntchito yoyendetsa lole. Ine ndikadali kushopu kwa atelala, kusoka mayunifolomu ndi madiresi aukwati a anthu ena.

Koma sindikulemberani kuti ndingokupatsani moni.

Mukudziwa kuti ine sindinapitepo kumwezi. Anzanga anayamba tikadali kupulayimale, ine ndadutsa zaka makumi awiri kuli zii. Amayi ankati ndangochedwa, ngati mwana wochedwa kumera mano. Ankandigulira mapadi n'kuwaika poonekera pashelefu kuti alamu awo akabwera aziona. Anandimwetsa zowawa za m'mabotolo, anandigwaditsa kwa abusa osiyanasiyana mpaka maondo anada.

Mwezi wathawu ndinawakakamiza kuti tipite kuchipatala chachikulu, poti wamagetsi uja, amene ndinakutumizirani chithunzi chake, anali atayamba kukamba za ukwati. Ananditenga magazi, n'kundijambula pamimba ndi kamakina kozizira. Adokotala, mayi wofatsa, anatembenuza kompyuta kuti ndidzionere ndekha. Anati chiberekero ndilibe, sichinapangike n'komwe. Anati ndi chibadwa chosowa kwambiri, thupi langa silimvera mahomoni ena. Palibe anandilodza, palibe chimene ndinalakwa, ndipo ndine mkazi monga ndakhalira. Koma msambo sudzabwera, ndipo mwana sindidzabereka.

Kenako anafunsa ngati kwathu kuli wina wotere, chifukwa kawirikawiri zimayenda m'magazi a mbali ya amayi. Amayi anayang'ana kukhoma n'kunena kuti kulibe.

Tili pamalo odikirira basi, ndinawamva akudziyankhulira okha kuti za mng'ono wawo zija zawalondola mpaka m'nyumba. Nditawafunsa kuti za mng'ono wanu ziti, anati ndisawachititse manyazi pagulu.

Mng'ono wawo ndi mmodzi, Amayi aang'ono. Ndinu.

Ife tinakula tikuuzidwa kuti banja lanu linatha chifukwa cha mwano, kuti ana simunawafune, kuti munapita kutali chifukwa cha mtima wapachala. Lero ndikuona kuti anasankha kuti mutchuke ndi mbiri yoipa kusiyana ndi kutchula chinthu chimene munabadwa nacho.

Wamagetsi ndinamuuza zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, anati amandikondabe, angofuna kanthawi koganiza. Kanthawiko kanathera pamene mlongo wake anabwera kushopu kudzatenga jekete la wamagetsiyo limene ndinkamuikira zipi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akufunafuna pamene pang'ambika. Tsopano ndikamayeza makasitomala m'chiuno, ena amaumitsa thupi. Amayi akuti ndadziphera ndekha ukwati, ndikanatseka pakamwa mpaka mphete italowa.

Nanunso ndakukwiyirani, ndisakubisireni. Munkabwera patchuthi, n'kumandiluka tsitsi pakhonde, kumandifunsa za masamu ndi za anyamata. Mabotolo aja munkawaona pawindo. Munkadziwa kuwawa kwake, mwina munamwanso omwewo. Mawu amodzi okha akanandipulumutsa ku zaka zonse zimene ndinkadzuka n'kuyang'ana pabedi ngati munthu woyembekezera mlendo amene sananyamuke n'komwe.

Mwina nanunso anakutsekani pakamwa. Mwina palibe dokotala anakuuzanipo dzina la chinthuchi. Ngati ndi choncho, ndakuuzani ine: si tsoka, si chilango.

Adokotala akufuna ndibwererenso tikakambirane za opaleshoni ndi mankhwala oteteza mafupa, ndipo akuti ndipite ndi wachibale. Amayi sindikuwafuna. Ndikupempha inu. Musanditumizire mavesi, ndamva okwanira. Bwerani mudzandiuze mmene munthu amakalambira nazo, mmene amayankhira akafunsidwa kuti ana alipo angati.

Pali chinanso. Achemwali ali ndi kamtsikana kaja kamene kangoyamba sukulu. Adokotala akuti achemwali akhoza kukhala nazo m'magazi osadziwa, ndipo pali njira yoyezera. Amayi andiletsa, akuti ndikawauza achemwali, iwo ndisadzawatchulenso kuti amayi. Achemwaliwo ndikawauza Lamlungu likubwerali, kaya mubwera kaya ayi. Mwanayo sadzamwa mabotolo.

Mundiperekere moni kwa anzanu a kuntchito ndi kwa mayi a nyumba imene mukukhalamo. Mulungu akusungeni, ndipo akupatseni mphamvu zokwera basi.

Ndine mwana wanu,
mtsikana wachiwiri wa akulu anu