Mzungu wa m'buku sanapondepo minga

Lachitatu, nyengo yosankha fodya.

Tsiku lafumbi, mutu ukundiwawa. Buku lija ndinatola m'shedi yakale ya pa famu pano ndafika nalo pakati. Analemba ndi mzungu wina wamakedzana, amene akuti anayenda kuchoka ku Nyasalande, kudzera ku Tete, mpaka kuno. Kulemba amatha, zimenezo sindikana. Akamafotokoza mapiri ndi milambe, ndimaiwala kuti ndili pa komboni ku Guruve.

Koma sindikumukhulupirira. Njira imeneyi ndi yomwe Bambo anadzera ali mnyamata pobwera kudzafuna basa, ntchito ya m'mafamu. Ndiye nditaweruka ndinawawerengera masamba atatu, ndikumasulira m'Chichewa, poti maso awo anafooka. Ndimati akumbukeko kwawo, asangalale.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa, "Wanenapo za minga?"

Ndinati ayi.

"Nanga matuza a kumapazi? Madzi akumwa ankawapeza kuti?"

Ndinafufuza, osapeza.

"Ameneyo anamunyamula pa machila, mwananga. Anthu anayi atasenza mtengo pamapewa, iye atagona pansalu. Woyenda pansi amayang'ana pansi. Mapiri amenewo ine sindinawaone."

Ndabwereza kuwerenga mutu wonsewo kufuna dzina la mmodzi yekha mwa onyamulawo. Mulibe. Dzina la galu wake lilimo, katatu.

Chondikwiyitsa n'chakuti mawa ndiwerenganso. Munthuyu wandikola ndithu. Patsala masamba ochepa kuti awoloke Zambezi, ndipo ndikufuna ndione ngati anena kuti anali pamsana pa ndani...