Mphete Zili M'bokosi Lopanda Kiyi

LACHITATU

07:41 Agogo 🎤 0:38
Iwe Injiniya, ndakuona ukutsekera mphete za ukwati wa mkulu wako m'kabokosi kachitsulo kaja. Bokosi lanji lopanda kiyi? Kadiso kake kofiira ngati ka chidakwa, kakungondiyang'ana pabalaza. Chotsamo, undipatse ndimange pansalu. Zamagetsi sazikhulupirira, mdzukulu wanga, zinapsereza matiresi a aneba.

07:44 Injiniya
agogo osadandaula, ndi timer chabe. ndaika 72 hrs, loweruka mmawa litseguka lokha. ana sangaseweretse, wakuba sangabe

07:46 Mkwati
zikapanda kutuluka mlamu wako ukamufotokozera wekha

LACHINAYI

12:10 Injiniya
achimwene musadabwe, screen ikuti kwatsala 66 mmalo mwa 43

12:11 Mkwati
ndadabwa kale

12:15 Injiniya
mwina millis yasefukira. kapena ndinalemba int pofunika unsigned long

12:15 Mkwati
lankhula ngati munthu. konza basi

12:19 Injiniya
pobayira chingwe cha laptop pali mkati mwa bokosi

12:19 Mkwati
masula ma screw

12:24 Injiniya
nawonso ali mkati. security

12:31 Agogo 🎤 0:21
Zimene mwalembazo andiwerengera ana a aneba. Milisi ameneyo ndi mwana wa ndani, ndipo walowa bwanji m'nyumba mwanga? Ndinanena ine. Usamabwere ndi anzako osadziwika pamene pali mphete.

LACHISANU

12:02 Injiniya
66 kachiwiri. ndasintha charger, ndagwedeza mawaya, ndapempherera. zikuoneka ngat board ikuyambiranso kuwerenga yokha

12:03 Mkwati
iwe

12:40 Mkwati
IWE

14:15 Agogo 🎤 0:17
Mng'ono wako wadzitsekera kuchipinda, akuonera azungu a pafoni akulongosola za mawaya. Sanadye. Ndamuuza asakhudze chinthucho ndi manja onyowa, angaume chiimire mawa lisanafike.

LOWERUKA

07:05 Injiniya
71 😭

07:05 Mkwati
ukwati ndi 10 koloko. 71 ndye kut chani

07:06 Injiniya
lachiwiri

07:09 Injiniya
agogo funso limodzi. palibe amene akukhudza soketi?

07:14 Agogo 🎤 0:44
Kukhudza ayi. Ndimangozula pokagona, monga ndimazulira wailesi ndi ketulo. Ndigone ine m'nyumba chinthu chikuphethira chokha? Mphezi itabwera? Kukacha ndimabwezera bwinobwino kuti usadandaule, ndimapukutanso fumbi. Ukanandifunsa ndikanakuuza, koma iwe umafunsa azungu.

07:15 Injiniya
agogo!!! mukazula imaiwala zonse, imayambiranso pa 72

07:17 Agogo 🎤 0:09
Ndiye chinthu choiwala choncho unachisungitsa mphete? Bola ine, zaka zonsezi sindinaiwalepo kuzula.

07:30 Injiniya
ndili kwa owotcherera. akuti chitsulo nchokhuthala, akadula ndi moto mphete zisungunuka. ndalumikiza ku power bank kut lisazimenso, ndibwera nalo

07:31 Mkwati
ubwera nalo kuti

07:52 Mkwati
ubwera nalo KUTI

11:48 Agogo 🎤 0:51
Injiniya, ukubisala kuti? Ine manyazi andigwira. Abusa kufunsa mphete, iwe kunyamula bokosi n'kuligwedeza kuti mpingo umve kuti zilimo! Gwede gwede, ngati wopemphetsa. Akwaya aseka mpaka wina wakhala pansi. Mlamu wako sanaseke. Mayi ake akukusaka, nsapato avula kale. Usadzere khomo lakumaso.

13:20 Mkwati
mkazi wanga wavala mphete yobwereka kwa aphungu, ikumuvuka. akuti lachiwiri ubwere nalo kwathu, ukhale pansi, litseguke iye akuona. lisazimenso

13:22 Injiniya
silizima achimwene. ndalisiya pa tebulo la mphatso, power bank ndi yodzadza

13:58 Agogo 🎤 0:14
Kamwala kakuda kamene unamangirira kubokosi kaja kanatentha, pafupi ndi keke, ana ali pompo. Ndakazula, kali m'chikwama mwanga. Usandithokoze.

13:59 Injiniya
agogo

13:59 Injiniya
agogo mwazula liti

14:00 Mkwati
thawa