Masamba a Mumsewu wa ku Tembwe

Lolemba, 11 Ogasiti 2025

Kambombo. Sukulu tatseka, choko ndasamba, tcheni ndathira mafuta. Ulendo womwe ndakhala ndikujambula pa mapu chaka chonse wayamba: kuzungulira Kambombo, kutsikira ku Tembwe, kudula madambo mpaka Chifunda. Mphunzitsi wa jogalafe, mwana wa ku Kabwe, chigwa cha Luangwa ndimangochidziwa pa bolodi. Basi, zakwana.

Pobwerera Loweruka ndiima ku Tembwe, kwawo kwa Tamala, chibwenzi changa. Tsiku lalikulu, lokafunsira ukwati. Bambo ake, a Hosea, sanandionepo, inenso sindinawaonepo. Odziwa nkhani yathu ndi azakhali ake, a Eneless, ndipo ndiwo akhala akufewetsa mitima kumeneko. Buluku, shati yoyera ndi nsapato zili kale kwa Jethro, mnzanga wogwira ntchito pa kiliniki ya kufupi ndi mudziwo. Wondiperekeza ndi iyeyo.

Njinga yachikasu, chisoti, magalasi akuda, kabudula wothina. Tamala amati ndikavala zimenezi ndimaoneka ngati chiwala. Nsanje chabe.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Mchenga. Minga. Chubu chaphulika kawiri, zigamba zikuchepa. Minda yonse mapesi okhaokha, mbuzi zikuchita phwando. Masau ndadya mpaka mano kuyayamira.

Foni ndinaitseka mbali ya netiweki dzulo ponyamuka, kuti batire isathe. Ingondiyimbira nyimbo m'mahedifoni ndi kundiuza liwiro. Wondifuna adikire Loweruka. Matako akuwawa koma mtima uli mbee.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Lero ndiye ndauluka! Kupyola Tembwe msewu wouma, wotsetsereka pang'ono, mphepo kumsana. Liwiro lotere sindinafikepo chigulireni njingayi.

Chondikwiyitsa chimodzi. Pakati pa mtsetse weniweniwo, masamba mumsewu. Nthambi zobiriwira uku ndi uku. Ndinati lole yafa kutsogoloku, monga amachitira madalaivala pa msewu wa ku Kapiri. Lole osaoneka. Anthu okha, gulu, akhala pansi m'mbali. Mkulu wina wa jekete yakuda analowa pakati pa msewu, dzanja m'mwamba. Belu ndinaliza, osasuntha. Ndinakuwa, “Njira, mdala!” Anadumphira kumbali, ine ndadutsa. Mowa wa masana sindiukonda.

Ndagona pa kamsika kena, kuseri kwa tiyirumu ya mai Fridah.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Anali maliro.

Mai Fridah anandithirira tiyi mmawa osandiyang'ana. Dzulo anali komweko, anabwerera madzulo. Anayang'ana njinga, kenako ine. “Ndimwe? Manje kwanu ku Kabwe anthu samafa?”

Masamba aja ndi chizindikiro cha maliro. Wa njinga amatsika, kuvula chipewa, kukankha mpaka kupyola nthambi yomaliza. Ngakhale wonyamula matumba a chimanga amatsika. Ine ndinadutsa ngati mphepo, ntchafu pamtunda, nyimbo m'makutu, pamene bokosi limatuluka m'nyumba. Mkulu uja anagwera mu ngalande, mkono wathyoka kapena wabinya, sakudziwa.

Choipa kwambiri n'chakuti mwambowu ndinaumvapo. Ndisadzinamize m'buku langa lomwe. Ndinaumva, koma maso anali pa nambala za pa foni, ndipo sindinafune kugwira mabuleki. Kuthamanga sikufika. Ndimawauza ana a sukulu mawu amenewa, ine amene.

Tiyi sindinamalize. Kubwerera kukapepesa? Ndinaganiza. Ndinakwera njinga n'kulowera kutsogolo, ku madambo. Kuthawa, palibe dzina lina.

Dambo lake ndi lomwe ndinkalota. Ziputu za mpunga, dothi lakuda long'aluka, mapazi a njovu ouma ngati mitondo, njinga kumangodumpha. Thawale lina mvuu zikufwenthera, akakowa mbuu. Akashembe andiluma msana wonse, ndawasiya alume. Sindinajambule chithunzi ngakhale chimodzi.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Chifunda sindinafike.

Mmawa ndinakwera pa chulu, ndinatsegula netiweki kuti ndimve mawu a Tamala, mtima ukhaleko pansi. Mauthenga kugwa ngati matalala. Lolemba: azakhali adwala mwadzidzidzi. Lachiwiri: azakhali atisiya, muli kuti? Lachiwiri lomwelo: chonde yankhani, tiika mawa. Kuchokera Lachitatu masana, zii.

Pa chulupo ndinalumikiza zonse. Mudzi wa pa mtsetse, kupyola Tembwe. Lachitatu. A Eneless, munthu yekhayo amene ankandiyankhulira, ndawatsanzika ndi belu la njinga.

Ndabwerera kudzera tinjira ta m'tchire, kuzemba msewu. Kwa Jethro ndalowa chakuseri. Njinga taibisa m'chipinda chosungira chimanga, taifunditsa masaka. Jethro anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anasiya kuseka. “Mwana, chigwa chonse chikukamba za iwe. Koma nkhope palibe anaiona. Akuti mwina ni mlendo wodzaona nyama zakutchire.” Jethro akuti mawa tipite ndithu, osati za ukwati, kukapepesa maliro.

Nkhope palibe anaiona. Mawu amenewa andisangalatsa, ndipo ndikuchita manyazi kuti andisangalatsa.

Loweruka, 16 Ogasiti

Shati yoyera, buluku, nsapato zopolisha. Munthu waulemu wake. Tinapita wapansi.

Masamba akadali mumsewu. Afota, koma alipo. Maliro anatha Lachitatu, nthambi zimayenera kuchotsedwa kale. Tinaona bambo wina akutsika njinga, nkhuku zili pa keriyala, akukankha uku akung'ung'udza.

A Hosea anatilandira pansi pa mtengo wa mango. Jekete yakuda. Mkono wamanja uli m'chitenje chomangirira m'khosi. Ndi iwo. Ndinamuuza “njira, mdala” mpongozi wanga, pa maliro a mlongo wake. Pansi pakanang'ambika ndikanalowa.

Munthu wofatsa, woyankhula pang'onopang'ono. Anathokoza kuti tabwera. Anati malemu ankanditchula, ankati Tamala wapeza munthu wodekha. Kenako nkhani ya wanjinga. Sanakweze mawu. “Mlongo wanga sanalemekezedwe. Masamba aja ndakana kuti achotsedwe. Achoka tsiku lomwe mwana uja adzabwere kudzadutsa wapansi.” Ndiye kuti aliyense wa njinga m'dera lino akutsika pamenepo chifukwa cha ine.

Ndipo ine, pakamwa panga pano, ndinati, “Ana a masiku ano alibe mwambo, adada.”

Ndinatero. Ndalemba kuti ndiziwerenga.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. “Imwe a ticha mukhala pa boma, kapena mumudziwa. Musamukalipire. Mungomulangiza njira.” Ndinagwedeza mutu ngati buluzi.

Tamala anabweretsa madzi, anagwada, anapereka kapu. Mutu wometa, maso otupa. Sanandiyang'ane.

Lamulungu, 17 Ogasiti

Kutchalitchi sindinapite. Ndinati mutu.

Tamala anabwera yekha masana, anaima pakhomo pa Jethro, kulowa anakana. Ndinayamba za netiweki, za batire. Anandidula. “Ba Darius, njinga ija ndinakuperekezani pogula. Ndinali kuseri kwa bokosi, ndinakuonani. Lachitatu munali chitsiru, chitsiru ndikanachikhululukira. Dzulo munali chiyani?” Anapitiriza. “Ine sindiwauza. Adada amve kwa imwe. Apo ayi, asadzamvenso za imwe, ndi ine yemwe.”

Anapita osatsanzika.

Ndikanena, a Hosea akhoza kundikana. Ndani angapereke mwana wake kwa munthu amene anamugwetsera mu ngalande, n'kubwera kudzamunamiza atavala shati yoyera? Ndikapanda kunena, Tamala wapita. Uku moto, uku moto.

Jethro nzeru zake: “Ipente yakuda, ukaigulitse ku Lundazi. Mkazi akwiya, adzaleka.” Anabweretsa ndi penti yotsala ya mawindo. Ndinagwira bulashi, ndinapaka chitsulo chimodzi, cha pansi pa chishalo. Bulashi ndinaiika pansi. Munthu wophunzitsa ana a eni, ndikupenta njinga mobisala ngati wakuba. Ndinapukuta ndi sanza, sinachoke bwino.

Manyazi anapha lambe. Ine atsala pang'ono.

Lachiwiri, 19 Ogasiti

Dzulo sindinalembe, sindinatuluke, sindinadye.

Lero ndavala zomwe zija. Kabudula ndaphimba ndi buluku, koma malaya ndi omwewo, chisoti ndapachika pa handulo, magalasi m'thumba. Andione bwinobwino. Jethro anati andiperekeze, ndakana. Kuchoka pa kiliniki ndakankha njira yonse, sindinaponde pedulo. Anthu m'minda kuimirira. Mayi wina pa mjigo anasiya kupopa, chidebe chikusefukira. Palibe anandilankhula. Kunditukwana kukanakhala bwino.

Pano ndakhala pa muzu wa mtengo, pamwamba pa mtsetse. Nthambi yoyamba ili apo, masamba auma gwaa. Kuchokera pamenepo kufika pa nthambi yomaliza si patali, Lachitatu ndinadutsa osapuma n'komwe. Lero pakuoneka ngati ku Kabwe.

Ndatulutsa bukuli kuti manja apeze chochita. Mawu okanena ndawakonza njira yonse, athawa onse. Ndiyambe ndi “pepani” kapena ndi “ndinali ine”? Ndigwade mumsewu kapena pakhomo?

Andiona. Anthu akutuluka m'nyumba, akuima m'mbali momwe anakhalira tsiku lija. Tamala ali pa nkhokwe, manja apinda.

A Hosea atuluka. Akukoka mpando ndi dzanja lamanzere, auika m'mphepete mwa msewu, pafupi ndi ngalande yomwe ija. Abwereranso m'nyumba. Mwina akukatenga ndodo. Ikundiyenera.

Ayi. Mpando wina. Tamala wathamanga kuti awalandire, amukaniza. Aukoka okha, auika pambali pa woyamba, akhala pansi, akuyang'ana kuno.

Wachiwiriwo palibe wakhalapo.