Dzina la Yotamu Mulibe M'pepala

Amayi, kumeneko muli bwanji kodi?

Kuno ku Magodi tilipo. Mtedza wabereka, koma chimanga chatichititsa manyazi poti feteleza anafika mvula itapita kale. Mdzukulu wanu Tiwonge wachira, mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu, ndipo ukali wake ndi wanu womwe.

Sabata yatha kunabwera akuluakulu awiri a mpingo pa njinga, atanyamula pepala. Akuti tonse amene tinakulira ku nyumba ya ana amasiye ija, kumene munatipereka ine ndi mlongo wanga Yotamu, atate atamwalira, atipatsa malata ngati chipukuta misozi. Chofunika n'kupita ku Boma Lachitatu, kukadinda chala kuti nkhani ya nkhanza za ku nyumba ija yatha. Bambo a Tiwonge ayeza kale denga ndi chingwe. Sindikuwada, nyumba ikudontha.

Ndinapempha kuti andiwerengere maina. Langa lilimo. La Yotamu mulibe, akuti alemba amoyo okha.

Munkakonda kunena kuti, “Temwa sadziwa kunama, maso amamugulitsa.” Amayi, ndinakunamizani mpaka kukuikani m'manda. Yotamu sanafe ndi malungo. Ankakodza pogona, ndiye mayi wotiyang'anira uja ankamuimika panja m'mawa uliwonse, bulangete lonyowalo atamufunditsa kumutu, mwezi wa Juni, ife tikudutsa pa mzere kupita kukadya phala. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Chifuwa chitamugwira sanasiye kumuimika. Tsiku lomwe munabwera wapansi kudzatenga maliro, munandifunsa ngati analidi malungo. Mayi uja anali kumbuyo kwanu. Ndinagwedeza mutu kuvomera, ndipo inu munamuthokoza pomusamalira mwana wanu.

Mpaka lero ndikaona bulangete litayanikidwa pa chingwe, ndimaona timapazi pansi pake. Ndili ndi mantha, Amayi, ndiponso manyazi. Ndinali wamkulu ndine, koma phala lija ndinkadya.

Lachitatu ndipita ndithu. Ndikawauza zonsezi pamaso pa anthu, ndipo chala changa sichikhudza pepala lawo mpaka atalemba dzina lake ndi chimene chinamupha. Akakana, tidzagona m'nyumba yodontha chaka chinanso. Ili ndilo lonjezo langa kwa inu.

Ndikudziwa kuti ndachedwa kukuuzani. Ngati mwakumana naye kumeneko, wakuuzani kale yekha. Mumufunseko ngati anandiona ndikudutsa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Temwa